Za Ubongo wa Mwana Wobadwa Masiku Asanakwane

Inu atate ndi amayi a m'mabanja athu, nkhani ya mwezi uno ili ya kamwana kaja kamene kamabadwa mimba ili ndi miyezi 6 kapena 7 yokha, kochepa kotero kuti mutu wake ulingana ndi lalanje, ndi mikono yake ngati zala za munthu wamkulu. Kamwana kotere kakabadwa, mudzi wonse umafunsa funso limodzi: kodi kakhala moyo? Ndipo funsolo ndi loyenera ndithu. Koma kakapulumuka, n'kuyamba kunenepa ndi kukwawa monga anzake, anthu amaiwala msanga m'mene kanabadwira. Tsono zikapita zaka 7 kapena 8, mwana uja ali kulephera masamu ku sukulu, kapena ali kuiwala zimene amutuma, palibenso wokumbuka za kubadwa kwake. Ena amutcha waulesi, ena amutcha mbuli, ndipo ena amuthyolera mkwapulo. Chifukwa chake tifuna kulongosola chimene chimachitika m'mutu mwa mwana wotere, kuti eni ake adziwe chimene ali nacho m'manja mwawo.

Kuwerenga masabata

Azamba ndi madokotala amawerenga mimba ndi masabata. Mimba yokwanira ili ndi masabata 40, kuyambira tsiku loyamba la msambo wotsiriza. Mwana wobadwa asanafike masabata 37 ndiye wosakwana masiku. Wobadwa asanafike 32 ali wosakwana kwambiri. Ndipo wobadwa asanafike 28 ali pa ngozi yoposa onse. Bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, linawerengera kuti m'chaka cha 2020 ana pafupifupi 13,400,000 anabadwa osakwana masiku, ndiko kuti mwana mmodzi mwa ana 10 alionse. Nkhaniyi siili ya kutali ayi, pakuti m'chiwerengero chimene bungwe lomwelo linatulutsa pamodzi ndi anzake mu 2012, dziko la Malawi linali patsogolo pa maiko onse, ndi ana 18 mwa ana 100 alionse obadwa amoyo. Ambiri a iwo amaperewera masabata owerengeka okha, nakula bwino. Amene tinena za iwo makamaka pano ndiwo a pansi pa masabata 32.

Zimene zimafulumiza mwana kubadwa zilipo zambiri: malungo a mayi wapakati, kuchepa kwa magazi, matenda a m'njira ya mkodzo ndi a m'chiberekero, kuthamanga kwa magazi, mapasa, kutenga pakati mtsikana asanakhwime, ndi kutumbiza. Kawirikawiri zimangochitika popanda wolakwa. Tidziwa kuti m'midzi mwathu zikatere anthu amayamba kulozana zala, kuti wina wasempha mwambo, kapena kuti alipo wakaduka. Milandu yotere imadya masiku oyamba, amene ali a mtengo wapatali koposa pa ubongo wa mwanayo, ndipo imasautsa mtima wa mayi pa nthawi imene afunika kupuma ndi kutulutsa mkaka.

Ntchito ya miyezi 3 yotsiriza

Aliyense amene anaswapo mutu wa mbuzi kapena wa ng'ombe adziwa kuti ubongo uli ndi makwinya ndi ngalande. Wa munthu uli nazo zochuluka kuposa wa mbuzi. Makwinyawo ali ndi ntchito yake: monga nsalu yaikulu ilowa m'kadengu kakang'ono mukaipinda, chomwecho gawo la pamwamba pa ubongo, m'mene muli kuganiza, kukumbuka ndi kulankhula, limapindika kuti likwane m'chigaza. Koma ubongo wa mwana wa masabata 24 uli wosalala ngati chiwindi, wa ngalande zowerengeka zokha. Makwinya ambiri amapangika m'miyezi 3 yotsiriza ya mimba. Kulemera kwakenso kuli chimodzimodzi, pakuti ngakhale pa masabata 34 ubongo umakhala utangofika magawo 2 mwa magawo 3 a kulemera kumene udzakhala nako pa masabata 40.

Ubongo uli wopangidwa ndi tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo, ndipo munthu wamkulu ali ndi maselo a mitsempha pafupifupi mabiliyoni 86 m'mutu mwake. Pofika mwezi wa 6 wa mimba, ambiri a maselowa amakhala atabadwa kale ndi kufika pa malo awo, monga anthu amene asamukira ku dziko latsopano namanga nyumba zawo. Chotsala ndicho kulambula njira za pakati pa mudzi ndi mudzi. Selo lililonse limatulutsa ulusi wautali wokalumikizana ndi anzake, ndipo mauthenga a diso, a khutu ndi a dzanja amayenda mu ulusi umenewo. Pambuyo pake ulusiwo umakutidwa ndi mafuta oyera, monga waya wa magetsi amakutidwa ndi pulasitiki, kuti uthenga uthamange wosatayika panjira. Tsono apa ndipo pagona nkhani: maselo amene adzakuta ulusiwo amakhala anthete pakati pa masabata 23 ndi 32, ndipo amafa msanga mpweya ukachepa m'magazi kapena matenda akalowa m'thupi. Akafa kapena akapinimbira, midzi ilipo, anthu alimo, koma njira zili zowirira, ndipo wamthenga amachedwa kufika.

Alipo malo enanso m'kati mwenimweni mwa ubongo, pafupi ndi timapanga ta madzi, pamene maselo atsopano amabadwira. Malowo ali ndi timitsempha ta magazi topyapyala kwambiri, ndipo amazimirira okha cha ku masabata 34, ntchito yawo ikatha. Mwana akabadwa malowo akadalipo, timitsempha tija tingathe kuphulika, makamaka m'masiku 3 oyamba. Magazi akatuluka pang'ono, kawirikawiri amatha okha osasiya chilema chachikulu. Akatuluka ambiri angathe kutseka njira ya madzi, mutu n'kuyamba kukula mopitirira, kapena kuwononga mbali imene imalamulira miyendo.

Dokotala wa ku Boston ku America, Joseph Volpe, amene anatha zaka zambiri ali kuphunzira ubongo wa makanda, anaphunzitsa kuti zovuta zili pawiri: pali bala lenileni, ndiponso pali kukula kumene kumasokonezeka bala lija litapola kale. Tikaganiza bwino sitidabwa. M'mimba muli mdima, muli kufunda kosasintha, chakudya chimadzera pa mchombo usana ndi usiku, ndipo mawu a mayi amamveka motsitsa. Kunja kuli mphepo, kuwala, phokoso, njala ndi ululu wa jakisoni. Ntchito imene ikanatsirizidwa m'mimba iyenera kutsirizidwa kunja kuno.

Zimene anaona amene anatsata anawa

Kale mu 1861 dokotala wa ku London, William Little, anauza madokotala anzake kuti ana ambiri a miyendo youma ndi yopingasa amene iye anawaona anali obadwa masiku asanakwane, kapena obadwa movutikira. Mu 1880 Stéphane Tarnier wa ku Paris anayamba kugoneka makanda m'bokosi lofunda, nzeru imene anaitenga pa bokosi loswetsera mazira a nkhuku, ndipo kuyambira pamenepo ana ochepa thupi anayamba kupulumuka ochulukirapo. Nthawi zina thandizo lomwelo linabweretsa tsoka: m'zaka za m'ma 1940 ana zikwi zambiri anataya maso chifukwa chowapatsa mpweya wa okosijeni wopitirira muyeso, kufikira mu 1951 pamene dokotala wamkazi wa ku Melbourne, Kate Campbell, analoza chifukwa chake.

Koma chimene chitithandiza koposa ndicho ntchito ya madokotala a ku Britain ndi Ireland, yotchedwa EPICure. Iwo analemba maina a ana onse obadwa asanafike masabata 26 m'miyezi 10 ya chaka cha 1995, nawatsata kufikira atakula. Anawa atafika zaka 6, anayezedwa 241. Mwa ana 100 alionse, 22 anali ndi chilema chachikulu, monga kusayenda, kusaona, kusamva kapena kuchepa nzeru kwambiri. 24 anali ndi chilema chapakati. 34 anali ndi chovuta chaching'ono, monga kufuna magalasi kapena kutsalira pang'ono m'maphunziro. Ndipo otsalawo, ngati 20, analibe chovuta chilichonse. Kuuma kwa ziwalo kolepheretsa kuyenda bwino kunapezeka mwa ana 12 okha pa 100, koma powalinganiza ndi anzawo a m'kalasi, 41 pa 100 anali kutsalira kwambiri pa nzeru za kuphunzira. Taonani tsono: chilema chooneka ndi maso chinali cha owerengeka, chobisika ndicho chinali cha ambiri. Pa zaka 11 phunziro limene linawavuta koposa linali masamu, ndipo pa zaka 19 kusiyana kuja kunali kusanathe. Mu 2018 akatswiri a ku Amsterdam anasonkhanitsa zopeza za magulu 71 a ofufuza m'maiko osiyanasiyana, za ana oposa 7,000 obadwa osakwana kwambiri, napeza kuti pa mayeso a nzeru amene mwana wamba amapeza 100, anawa amatsalira ndi pafupifupi 13.

Mverani bwino apa, kuti mawerengowa asakufooketseni. Chiwerengero chotere chili cha gulu. Tikati mudzi wakuti unakolola matumba 10 pa banja, sitinena kuti banja lililonse linakolola 10. Ena anapeza 4, ena 20. Ndiponso ana a EPICure anali aang'ono koposa, opulumutsidwa ndi makina. Ambiri amene amapulumuka kwathu kuno amabadwa pa masabata oposa pamenepo, ndipo sabata lililonse limene mwana akhalitsa m'mimba limachepetsa ngozi. Isaac Newton anabadwa ku England pa tsiku la Khirisimasi mu 1642, masiku asanakwane, ndipo amayi ake ankanena kuti akanatha kulowa m'chikho chomwera; koma anakula nakhala mmodzi wa akatswiri a masamu oposa onse, namwalira ali ndi zaka 84. Komabe kwathu kuno tiyenera kuchenjera mwa njira ina, pakuti pa ubongo wanthete uja pamasanjikizika malungo, kutsekula m'mimba ndi kuperewera kwa chakudya.

Nanga chovuta chobisikacho chimaoneka bwanji pakhomo? Mumutuma mwana kuti akatenge mchere kwa agogo, atseke khola, ndi kuitana mlongo wake: abwera ndi mchere wokha, zinazo zathawa m'mutu. Mukamufunsa funso amayamba wayang'ana kaye, nayankha anzake atayankha kale. Maganizo ake amachoka msanga pa ntchito, ndipo kawirikawiri ali wamanyazi, wokonda kuima kumbali anzake akamasewera. Popeza sasokosa ndipo sachita ndewu, mphunzitsi wa ana ochuluka m'kalasi limodzi samuona n'komwe. Si mwano umenewu, si ulesi. Ndi njira zowirira zija.

Zimene zili m'manja mwa banja

Choyamba chichitika mwana asanabadwe. Mayi wapakati akamva kupweteka kwa msana ndi kwa m'mimba kobwerezabwereza, kapena madzi kapena magazi akayamba kutuluka masiku asanakwane, apite ku chipatala nthawi yomweyo, asadikire kuti kuche. Alipo jakisoni amene, akabayidwa mayi, amakhwimitsa mapapo a mwana ndi kuchepetsa kutuluka kwa magazi mu ubongo. Graham Liggins ndi Ross Howie a ku Auckland ku New Zealand ndiwo anaonetsa mphamvu yake mu 1972, Liggins atayamba waiona pa nkhosa. Jakisoniyo amagwira bwino akapeza tsiku lathunthu mwana asanatuluke. Alipo mankhwala enanso, magnesium sulphate, amene akaperekedwa kwa mayi wochira asanafike masabata 32 amachepetsa kuuma kwa ziwalo kwa mwana. Mayi wofika mutu wa mwana ukuoneka kale wataya zonse ziwiri.

Chachiwiri ndicho kufunda. Mu 1978 ku Bogotá, m'dziko la Colombia, dokotala Edgar Rey anaona kuti mabokosi ofunda sali kukwana, makanda ali kugona angapo m'bokosi limodzi napatsirana matenda. Tsono anayamba kuika mwana choimirira pakati pa mawere a mayi wake, khungu kukhudzana ndi khungu, namumanga ndi nsalu. Njirayi anaitcha kangaroo, dzina la nyama ya ku Australia imene imalera mwana wake m'thumba la pamimba. Ku Malawi inayamba pa chipatala cha Zomba mu 1999. Mu 2021 zinatuluka zopeza za zipatala za m'maiko 5, Ghana, India, Malawi, Nigeria ndi Tanzania, kwathu kuno pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre: mwa ana olemera kuyambira kilogalamu imodzi kufikira pansi pa 1.8, amene anaikidwa pachifuwa atangobadwa anamwalira 12 pa 100, pamene amene anayamba adikira anamwalira pafupifupi 16 pa 100. Ndipo Nathalie Charpak ndi anzake a ku Bogotá, atafunafuna ana oleredwa chotero patapita zaka 20, anapeza kuti sanali kujomba ku sukulu kawirikawiri, ndi kuti anali odekha kuposa anzawo amene anagona m'mabokosi.

Mwana avale chipewa ndi thewera lokha, mutu utembenukire kumbali kuti mphuno ipume, ndipo akhale pachifuwa usana ndi usiku monga kungatheke. Mayi mmodzi sangathe yekha. Inu atate, musachite manyazi: chifuwa chanu chili chofunda chimodzimodzi, ndipo mwanayo sasankha. Agogo ndi azakhali alandizanenso, kuti mayi asambe, adye ndi kugona.

Chachitatu ndiwo mkaka wa m'mawere. Mu 1992 Alan Lucas wa ku Cambridge ndi anzake anayeza ana 300 obadwa osakwana masiku, atafika zaka ngati 8, napeza kuti amene anamwa mkaka wa amayi awo anaposa enawo ndi pafupifupi 8 pa mayeso aja a nzeru, ngakhale mkakawo unadzera m'kapaipi ka m'mphuno. Mwana wa pansi pa masabata 34 sanadziwe bwino kuyamwa, kumeza ndi kupuma pa nthawi imodzi. Chifukwa chake mayi afinye mkaka m'kapu yoyera, naupereke monga anamwino amuonetsa, pa maola 2 kapena 3 alionse. Mwana wotere salira ndi njala, amangogona, ndipo shuga akatsika m'magazi ubongo ndiwo umapweteka, tsono mudzutseni. Madzi, phala ndi mankhwala a zitsamba asalowe m'kamwa mwake.

Mukaona thupi lake lazizira, kapena akana kudya, kapena aleka kupuma kanthawi nasintha mtundu, kapena achita zinjenje, kapena liwombo latukuka, kapena chikasu chafika m'manja ndi m'mapazi, nyamukani ali pachifuwa pomwepo. Chikasu chochuluka chimalowa mu ubongo wa mwana wosakwana masiku msanga kuposa wa wokwana, ndipo chingamusiye wosamva.

Chotsala sichifuna ndalama, koma anthu amachiyesa chachabe. Mwana amayamba kumva mawu akadali m'mimba, cha ku mwezi wa 6, ndipo njira za mu ubongo zimalimba pamene ziyendedwa. Madokotala a ku Providence ku America anawerenga mawu amene makanda osakwana masiku anali kumva m'chipatala, napeza kuti amene anamva mawu ambiri a akulu anakhoza bwino pa mayeso a kulankhula ndi kuzindikira atafika miyezi 18. Ku Bavaria m'dziko la Germany, Dieter Wolke ndi anzake anatsata ana obadwa mu 1985 ndi 1986, naona kuti amene makolo awo anali kuwamvetsera ndi kuwatsogolera mofatsa pa zaka 6 anakhoza bwino ku sukulu atasinkhuka. Lankhulani naye tsono pomusambitsa, muimbireni pomugoneka, mutchulireni maina a zinthu za pakhomo, ndipo akayesa kuyankha mudikireni.

Pomulinganiza ndi ana a anzanu, yambani mwachotsa masabata amene anaperewera. Mwana wobadwa pa masabata 28 anaperewera masabata 12, ndiyo miyezi 3. Akatha miyezi 9 chibadwire, muwerengeni ngati wa miyezi 6, ndipo musadandaule ngati sanayambe kukwawa. Madokotala amawerenga chotero kufikira zaka 2. Koma ngati miyendo ili youma ndi kupingasa pomunyamula, kapena agwiritsa dzanja limodzi lokha linalo ali chifumbatire, kapena satembenuka mukamuitana, kapena maso ake satsata nkhope yanu, nenani ku sikelo osachedwa, pakuti zolimbitsa ziwalo zimathandiza koposa zikayamba mwana akali wamng'ono.

Nthawi ya sukulu ikayandikira, maso ndi makutu ake ayezedwe, chifukwa ana ena amatchedwa ogona m'mutu pamene sali kuona pa bolodi. Pakhomo mutumeni chinthu chimodzi, akabwera mutumenso china. Masamu ayambire m'manja: awerenge njere za chimanga, agawe mtedza kwa abale ake, akhale pambali pa atate pa bawo. Ndipo buku lija la ku sikelo, m'mene analembamo masabata ndi kulemera kwake pa tsiku lobadwa, lisungeni m'pepala la pulasitiki kuti chiswe ndi mvula zisalidye. Tsiku lokamulembetsa Sitandade 1 mulitenge, mukalionetse kwa mphunzitsi, ndi kupempha kuti mwanayo akhale kutsogolo ndi kuti azimupatsa nthawi yoyankha.